Dzuwa ndi Lathu, Mpamba ndi wa Eni: Mbiri ya Magetsi a pa Nanjoka

Magetsi a dziko lino anakulira mumtsinje umodzi. Mu 1966, patangotha zaka ziwiri tilandire ufulu wodzilamulira, makina a pa Nkula anayamba kuzungulira ndi madzi a Shire n'kumatulutsa mamegawati 24. Mu 1973 panabwera Tedzani, mu 1980 Nkula B, ndipo m'chaka cha 2000 Kapichira, yomwe gawo lake lachiwiri linadzatha patapita zaka zoposa khumi. Kupatula kasiteshoni ka pa Wovwe ku Karonga, malo onsewa ndi ondondozana m'chigawo chimene mtsinjewu umatsetsereka m'mathithi usanafike ku Chikwawa. Madzi amene atembenuza makina a pa Nkula ndi omwewo amakatembenuza a pa Tedzani, n'kutsikira ku Kapichira.

Akatswiri a nthawi imeneyo sanalakwe. Madzi analipo, mathithi analipo, ndipo magetsi a madzi ndi otsika mtengo damu likangomangidwa. Koma mbiri inali itachenjeza kale. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inaphwera kwambiri moti madzi analeka kutulukira mu Shire. Ndi chifukwa chake mu 1965 anamanga Kamuzu Barrage pa Liwonde, kuti azisunga madzi ndi kuwatulutsa mwa muyeso. Chotchingacho chimasunga madzi amene alipo, koma sichigwetsa mvula.

Ine ndine mwana wa ku Salima, ndipo kwathu chimene sichinasowepo ndi dzuwa. Amene anayendako mu Okutobala amadziwa: ikamakwana 9 koloko m'mawa mchenga wayamba kale kuotcha mapazi, wakabaza wa pa Kamuzu Road malaya anyowa kumsana, mbuzi zabisala pansi pa mlambe. Dzuwa limenelo tinkaligwiritsa ntchito kuyambira kale. Linkaumitsa usipa ku Senga Bay ndi ku Chipoka, mpunga wa m'madambo, ufa umene mayi ankayanika pamphasa, ndi thonje limene bambo ankasankha asanapite nalo kumsika wa ADMARC. Likalowa tinkayatsa koloboyi, n'kumawerenga utsi ukulowa m'mphuno. Magetsi analipo paboma, m'maofesi, kuchipatala ndi m'mahotela a kunyanja, koma anali alendo ochokera kutali, oyenda makilomita mazanamazana panthambo kuchokera ku Shire mpaka kudzafika pa siteshoni ya Nanjoka. Panalibe mwa ife amene ankaganiza kuti tsiku lina magetsi azidzanyamukira pa Nanjoka pomwepo kupita ku Lilongwe.

Zinthu zikuluzikulu za m'boma lathu zakhala zikubwera ndi ndalama za kunja. Njanji inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 dziko la Germany linathandiza chitukuko cha ulimi wa thonje ndi mpunga m'mbali mwa nyanja. Mu 1979 njanji ya ku Lilongwe inatha ndi thandizo la dziko la Canada. Ziwiri zomalizazi zinali za boma ndi boma: wina apereka mphatso kapena ngongole yofewa, boma lathu lilandira n'kukhala mwini wa chinthucho. Malo opangira magetsi a dzuwa amene anatsegulidwa mu 2021 anabweranso ndi anthu a ku Canada, koma mwa njira ina kotheratu. Awa sanabwere kudzapereka. Anabwera ndi mpamba wawo kudzachita malonda, ndipo kusiyana kumeneku ndiye mutu wa nkhani yonse.

Sola tinaidziwa kale tisanaone yaikuluyi. Inayamba kuoneka padenga la zipatala za kumudzi, ikuyendetsa furiji yosungira katemera, ndi m'nyumba za ansembe ku mishoni. Kenaka inalowa m'misika: kapanelo kotchajira foni, kometera tsitsi, koonetsera mpira pakanema. Cha m'ma 2013 dziko la Japan linamanga sola ya makilowati 830 pabwalo la ndege la Kamuzu, ndipo ambiri tinkaiona ngati chodabwitsa. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa mapanelo padziko lonse unagwa ndi pafupifupi magawo 9 mwa 10 alionse, makamaka chifukwa cha mafakitale a ku China. South Africa inayamba kugula magetsi kwa makampani oima paokha kudzera m'mpikisano mu 2011. Mu 2019 Zambia inatsegula Bangweulu, ya mamegawati 54, pafupi ndi Lusaka, ndipo Mozambique inatsegula ya ku Mocuba, ya mamegawati 40. Choncho luso linalipo, mtengo unali utatsika, anzathu oyandikana nafe anali atayamba. Chimene chinkasowa kuno sichinali dzuwa kapena makina. Kunkasowa munthu wolimba mtima kukwirira ndalama zake m'nthaka ya Malawi n'kudikira zaka 20 kuti zibwerere.

Malamulo a zamagetsi a 2004, omwe anakhazikitsanso bungwe loyang'anira zamagetsi la MERA, anali atatsegula kale khomo papepala. Koma ESCOM inali yokha: kupanga magetsi ndi iyo, kuwanyamula ndi iyo, kuwagulitsa ndi iyo yomweyo. Wobwera ndi magetsi ake akanakhala akupempha mnzake wopikisana naye kuti amugule katundu. Mitengo ya magetsi nayo inali pansi pa zimene zinkalowa powapanga, ndipo nthambo zinali zokalamba. Kusintha kunabwera ndi mgwirizano wa boma lathu ndi bungwe la Millennium Challenge Corporation la ku America, wa madola 350.7 miliyoni. Anausainira mu Epulo 2011. Patangopita miyezi itatu kunachitika zionetsero za pa 20 Julayi, anthu anafa ndi zipolopolo, ndipo Amereka anaimitsa thandizolo. Linadzabwezeretsedwa mu 2012 mu ulamuliro wa mayi Joyce Banda, ntchito n'kuyamba mu Sepitembala 2013 mpaka Sepitembala 2018. Ndimaikumbukira mfundoyi nthawi zonse wina akamati ndale n'zosiyana ndi chitukuko: magetsi a dziko lonse anachedwa chifukwa cha zimene zinachitika m'misewu.

Ndalama zimenezo zinamanga nthambo yaikulu ya makilovoti 400 kuchokera pa Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma, zinakonzanso Nkula A kuti izitulutsa mamegawati 36, ndipo zinagula makina ochotsera namasupuni ndi matope mu Shire. Koma chimene chinatsegula njira ya Nanjoka sichinali chitsulo, linali lamulo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la magetsi, ESCOM inagawidwa, ndipo kuyambira Januwale 2017 ntchito yopanga magetsi inapita ku kampani yatsopano ya EGENCO. ESCOM inatsala ndi nthambo ndi makasitomala, n'kukhala wogula amene angathe kugula kwa aliyense wokhala ndi chiphaso.

Lamulolo linafika m'nthawi ya mdima weniweni. Mvula inavuta zaka ziwiri zotsatizana, nyanja inatsika, ndipo pofika kumapeto kwa 2017 makina amene akanatulutsa mamegawati pafupifupi 350 ankangotulutsa theka lake, masiku ena osafikanso pamenepo. Madera ena ankakhala tsiku lathunthu osaona magetsi. Nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito pa desiki ya ngongole m'banki ina ku Lilongwe, ndipo kuphwera kwa mtsinje ndinkakuonera m'mabuku. Wa chigayo, wowotcherera zitsulo, mayi wogulitsa nkhuku zozizira, onse anayamba kulephera kubweza, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa magetsi ankabwera pakati pa usiku n'kuchoka tambala asanalire. Ena ankagona pachigayo kudikira kuti babu liyake. Kumayambiriro kwa 2018 dziko linabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, a mamegawati 78, ndipo magetsi ake anali okwera mtengo kangapo kuyerekeza ndi a madzi. Ndi m'nyengo yomweyi pamene ESCOM inaitana makampani kuti apikisane pa mtengo womangira sola m'malo angapo, kuphatikizapo Salima, Golomoti ndi Nkhotakota. Malowa sanawasankhe chifukwa cha dzuwa lokha. Onse ali pafupi ndi siteshoni za nthambo ya makilovoti 132 yodutsa m'mbali mwa nyanja, chifukwa magetsi opangidwa kutali ndi nthambo ndi katundu wopanda msewu.

Ya ku Salima inagwera kampani ya JCM Power ya ku Toronto, pamodzi ndi Matswani ya ku South Africa ndi InfraCo Africa. Apa ndiye pamene ndimafuna kudekha, chifukwa anthu akamadutsa pamalopo amaona magalasi, koma ntchito yaikulu inachitikira m'maofesi zaka zingapo khasu lisanakhudze dothi.

Aliyense wopereka ngongole amafunsa mafunso awiri: ndalama yanga idzabwerera kuchokera kuti, ndipo zikavuta ndidzagwira chiyani? Kwa munthu wa minibasi yankho ndi losavuta, chikole ndi minibasi yomweyo. Koma mapanelo oposa 228,000 omangiriridwa pazitsulo m'munda wa ku Salima sungawazule n'kukawagulitsa pa okushoni mtengo wake n'kubwerera. Komanso ndalama za sola zimalowa zonse poyamba. Wa jenereta amagula makina motchipa n'kumalira ndi dizilo mwezi ndi mwezi. Wa sola amalipira pafupifupi zonse asanagulitse yuniti ndi imodzi yomwe, kenaka chotsala ndi kutsuka fumbi, kutchetcha udzu, kulipira alonda ndi amisiri ochepa. Choncho mtengo wa magetsi a dzuwa, kwenikweni, ndi mtengo wa ndalama. Chiwongoladzanja chikakwera, yuniti imakwera. Chikatsika, yuniti imatsika, ngakhale dzuwa ndi mapanelo zikhale zomwezo. Mu 2016 banki yaikulu ya Reserve inkabwereketsa mabanki pa 27 peresenti, ndipo ife tinkakongoza anthu pa chiwongoladzanja choposa 30 peresenti, kwa zaka zowerengeka chabe. Ndi ndalama zotere palibe amene akanamanga chinthu chodya madola oposa 60 miliyoni, chobweza pang'onopang'ono kwa zaka 20. Mpamba unayenera kuchokera kunja, ndipo unabwera m'madola.

Tayerekezani munthu amene wathira chuma chake chonse pomanga chigayo chosafuna dizilo, koma lamulo likuti kwa zaka 20 azigaya chimanga cha munthu mmodzi yekha. Nkhawa yake sikhala pa makina. Imakhala pa munthu mmodzi uja: kodi amalipira? Nanga akadzasintha maganizo? Wogula mmodziyo pano ndi ESCOM, kampani ya boma imene kwa zaka zambiri yakhala ikulimbana ndi ngongole zake, pomwe nayonso ili ndi ngongole zosatoleredwa ku nthambi za boma lomwelo. Chikole chenicheni cha Nanjoka ndi mulu wa mapepala oyankha nkhawa imeneyi, limodzi pamwamba pa linzake.

Pepala loyamba ndi mgwirizano wogulitsa magetsi, umene anasainirana ndi ESCOM mu Sepitembala 2018. Umanena mtengo wa yuniti, umanena kuti ESCOM idzagula magetsi kwa zaka 20, ndipo umaika mtengowo pa muyeso wa dola. Lachiwiri ndi mgwirizano ndi boma lenilenilo, lolonjeza kuti silidzalanda malowo kapena kusintha malamulo mopweteka eni ake popanda kuwabwezera. Pali chiphaso cha MERA, pali chilolezo cha zachilengedwe, pali mgwirizano wolumikizira kunthambo. Pamwamba pa zonsezi anagula inshuwalansi ku MIGA, nthambi ya World Bank imene imateteza oika ndalama ku zinthu monga kulandidwa katundu, zipolowe, kuphwanyidwa kwa mgwirizano ndi kuletsedwa kutulutsa ndalama m'dziko. Ndipo poti inshuwalansi yotere imatenga nthawi kuti ilipire, panabweranso bungwe la African Trade Insurance Agency ndi thumba limene linakhazikitsa mothandizana ndi banki ya KfW ya ku Germany, loti ESCOM ikachedwa kulipira miyezi ingapo, mwini malo asaime. Pepala lililonse lili ndi mtengo wake, maloya ake ndi miyezi yake, ndipo zonsezo zimakathera m'mtengo wa yuniti imene inu ndi ine timagula pafoni.

Tiyang'anenso eni mpambawo. InfraCo Africa ndi gawo la Private Infrastructure Development Group, ndipo ndalama zake zimachokera ku maboma a Britain, Netherlands ndi Switzerland. Ntchito yake ndi kulowa m'chitukuko chikadali pa msinkhu woopsa, pamene ndalama zikungothera kuyeza dzuwa, kupima dothi ndi kukambirana, popanda chitsimikizo choti chinthucho chidzamangidwa. FMO, yomwe inaikamonso ndalama, ndi banki ya chitukuko ya ku Netherlands. Tikamati malowa anamangidwa ndi ndalama za makampani oima paokha, tinene zoona zonse: kumbuyo kwake kuli misonkho ya anthu a ku Ulaya, yomwe inasenza mbali ya chiopsezo imene wamalonda wamba akanaikana. Ndipo ku Salima kunachitika chinthu chosachitikachitika. Nthawi zambiri eni ake amaika gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu, zotsalazo n'kukongola kumabanki. Kuno anayamba kumanga ndi mpamba wawo m'malo modikira ngongole ya nthawi yaitali. Monga munthu amene wakhala mbali ya wokongoza, ndimadziwa tanthauzo lake: kudikira mabanki kukanawonjezera miyezi yambiri dziko lili mumdima, ndipo anasankha kusenza okha. Pa chimenechi ndimawapatsa ulemu.

Kenaka panali nkhani ya malo. Sola ya mamegawati 60 imafuna mahekitala oposa 100, athyathyathya, opanda mthunzi, ndipo malo otere ku Malawi sakhala opanda mwini. A ku Kanzimbe, m'dera la Mfumu Yaikulu Kalonga, inali minda ya anthu, ya chimanga, mtedza ndi thonje, pansi pa mafumu awo. Minda inayezedwa, mitengo inawerengedwa, ndipo olima analandira chipepeso monga mwa malamulo a dziko ndi a mabungwe oika ndalama. Ine ndinakulira pamunda, ndipo ndimadziwa kuti pamenepa sipakhala popepuka ngakhale zonse zitayenda mwachilungamo. Chipepeso chimabwera kamodzi. Munda umadyetsa chaka ndi chaka, n'kudzadyetsanso adzukulu. Bambo amene sanagwirepo ndalama zambiri nthawi imodzi akalandira mtolo, achibale amachuluka, njinga yamoto imagulidwa, ndipo pakatha zaka zitatu ena amapezeka akubwereka munda. Amene anagula malo ena msanga ndiwo anapulumuka. Pa onse amene anaika kanthu m'chitukukochi, alimi amenewa ndi okhawo amene anapereka chinthu chosabwezereka, ndipo mbiri ikamalembedwa maina a mabungwe a ku Ulaya asakwirire mfundo imeneyi.

Kumanga kunayamba kumapeto kwa 2018. Makontena a mapanelo ndi zitsulo anadutsa panyanja yamchere n'kukwera mtunda pa mathiraki. Anthu mazanamazana, ambiri a m'midzi yozungulira, anapeza ganyu yolambula, kukumba ngalande za mawaya ndi kumangirira mapanelo. Mliri wa Covid-19 unasokoneza maulendo a katundu ndi a akatswiri mu 2020. Magetsi anayamba kulowa m'nthambo mu Okutobala 2021, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegulira malowa mu Novembala. Kayendedwe kake n'kosavuta kukamva: kuwala kukagwa papanelo kumatulutsa magetsi a mtundu wa m'batire, makina otchedwa ma inverter amawasandutsa kukhala a mtundu woyenda m'nthambo, mathiransifoma amawakweza mphamvu kufika pa makilovoti 132, ndipo nthambo ya makilomita ochepa imawatengera pa siteshoni ya Nanjoka. Palibe utsi, palibe phokoso loposa kulira kwa thiransifoma. Kwa nthawi yoyamba dziko lino linagula magetsi a dzuwa kwa kampani yosakhala ya boma, ndipo masana owala bwino mamegawati 60 amenewo anali gawo looneka ndithu la magetsi onse a Malawi.

Pasanathe miyezi itatu mayeso anafika. Pa 24 Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa chimvula kum'mwera, Shire anasefukira, n'kugumula khoma la damu la Kapichira. Usiku umodzi dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a madzi, ndipo sanabwerere mpaka 2023. Zaka zisanu m'mbuyomo mtsinje unatilanga ndi kuchepa, tsopano unatilanga ndi kuchuluka. M'chaka chovuta chimenecho ena mwa magetsi a masana amene ankayendetsa zigayo ndi mafakitale anali ochokera ku Salima. Sindikunena kuti sola inathetsa kuthimathima, ayi, tonse tikukumbukira mmene chinalili chaka chimenecho. Ndikunena kuti popanda iyo mdima ukanakula.

Nyengo yomweyo inaonetsanso pamene sola imaperewera. Anthu amafuna magetsi kwambiri madzulo, pophika ndi poyatsa nyale, pamene dzuwa lalowa. Ndipo m'dzinja mtambo ukaphimba Salima mwadzidzidzi, mamegawati makumimakumi amasowa m'mphindi zochepa. M'dziko la magetsi ambiri zimenezi sizimveka, koma nthambo zathu ndi zazing'ono, ndipo nthawi imeneyo zinali zisanalumikizidwe ndi za maiko oyandikana nafe, kotero makina a pa Shire amayenera kuthamangira kukatseka mpatawo. Yankho loyamba linaoneka pa Golomoti ku Dedza, pomwe JCM ndi InfraCo Africa anatsegula malo a mamegawati 20 pakati pa 2022. Kumeneko mapanelo amalandira kuwala mbali zonse ziwiri ndipo amatembenuka kutsatira dzuwa, koma chachikulu ndi mabatire a mamegawati 5, otha kutulutsa mphamvu imeneyo kwa maola awiri. Mabatirewo anathandizidwa ndi mphatso yochokera ku Innovate UK, chizindikiro chakuti nthawi imeneyo malonda paokha sakanawakwanitsa. Ya ku Nkhotakota, ya mamegawati 21, inatsatira pambuyo pake, ya Serengeti Energy ndi Phanes Group, ndipo iyo inamangidwa ndi ngongole yochokera ku bungwe la boma la America lokongoza zachitukuko. Madzi ndi dzuwa zikayendetsedwa mwanzeru zimathandizana: masana dzuwa ligwire ntchito madzi akusungika pang'ono m'madamu, madzulo madzi alandire.

Tsopano tifike pa dola. Pamene ankasainira mgwirizano mu 2018, dola imodzi inali pafupifupi K730. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Dzuwa la ku Kanzimbe silinasinthe, mapanelo ndi omwewo, koma pa yuniti iliyonse ESCOM inayenera kupeza makwacha oposa kawiri amene inkapeza poyamba, pomwe iyo imatolera makwacha kwa mphunzitsi ndi wometa tsitsi amene malipiro awo sanakwere chomwecho. Ndipo mwini malo akalandira makwacha akewo amafuna kuwasintha kuti abweze kwa amene anaika mpamba, motero amakaima pamzere womwewo wa ndalama zakunja umene paima ogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinafuna mpamba wakunja, unabwera, ndipo unabwera ndi ndalama ya kwawo.

Pali amene amati potero tinagulitsidwa. Ine sindikugwirizana nawo. Dizilo naye amagulidwa ndi madola, mwezi uliwonse, pa mtengo umene palibe angaudziwiretu, ndipo ukamuotcha watha. Madola a sola ndi odziwika kuyambira tsiku losainira, ndipo ali ndi polekezera. Mu 2017 boma linalibe ndalama zomangira, mabanki athu analibe ngongole yaitali, ndipo panalibe Mmalawi amene anamangapo chinthu chotere. Munthu woyamba kuwoloka anayenera kulipidwa chifukwa cha mantha ake. Chimene ndimakana ndi kuganiza kuti njira yoyambayo ndiyo yokhayo mpaka kalekale.

Ndalama za nthawi yaitali m'dziko muno zilipo. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, olembedwa ntchito ambiri amadulidwa mwezi ndi mwezi, mabwana awo n'kuwonjezerapo, ndipo ndalamazo zimasungidwa zaka 20 kapena 30, msinkhu womwewo wa mgwirizano wa magetsi. Zambiri mwa izo zimathera kukongoza boma ndi kugula masheya a makampani ochepa a pa Malawi Stock Exchange. Mapanelo tidzagulabe kunja ndi madola, palibe kuchitira mwina, koma kugula kumeneko n'kwa kamodzi. Chimene chimatopetsa dziko ndi phindu la zaka 20 lotuluka m'madola. Gawo la malo otere likanakhala m'manja mwa mathumba a penshoni, phindulo likanalipidwa m'makwacha kwa anamwino ndi aphunzitsi opuma ntchito. Sizophweka, ndipo ndikanama ndikati n'zophweka. Kukwera mitengo kwa zinthu kukamafika pa 30 peresenti, mtengo wa yuniti uyenera kumakwera nako, apo ayi wopuma ntchito ndiye aluza. Wogula ayenera kumalipira pa nthawi yake, zomwe zikutanthauza kuti nthambi za boma nazo zizilipira mabilu awo. Osunga penshoni ali ndi ufulu wofuna chitetezo chofanana ndi chimene mlendo anapatsidwa. Koma Nanjoka yachotsa chifukwa chachikulu chokanira, chifukwa tsopano pali zaka zingapo za mabuku enieni oonetsa kuchuluka kwa magetsi amene dzuwa la kuno limapereka, ndipo pali Amalawi amene aphunzira kuyendetsa malo otere.

Palinso ngongole ina imene sinalembedwe m'mapepala aja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi a nthambo, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsikirapo kwambiri. Magetsi a pa Kanzimbe amakwera pa makilovoti 132 n'kudutsa pamwamba pa madenga a udzu. Sangatsikire m'nyumba popanda thiransifoma ndi mapolo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya ESCOM ndi pologalamu ya MAREP yofikitsa magetsi kumidzi, osati ya mwini sola. Mwa malamulo palibe wolakwa. Koma mudzi umene wapereka minda yake kuti Lilongwe awale suyenera kumadikira pamzere wofanana ndi wina aliyense. Kulumikiza midzi yozungulira kuzilembedwa m'mgwirizano kuyambira pachiyambi, ndi mtengo wake ndi tsiku lake, monga momwe amalembera inshuwalansi ya mwini mpamba.

Mgwirizano wa ku Salima udzatha cha m'ma 2041, ndipo isanafike nthawi imeneyo dziko lino lidzasainira ina yambiri, ya dzuwa, ya mabatire ndi ya madzi. Imeneyo ikukambidwa panopa, m'zipinda zimene ambirife sitilowamo. MERA ikaitana anthu kumisonkhano yomva maganizo pa mitengo ya magetsi, pitani mukafunse kuti ndi gawo lanji la yuniti yanu limene lamangidwa pa dola. Ndipo inu amene mumadulidwa penshoni, lemberani matrasiti a thumba lanu, muwafunse ngati anayamba awerengerapo zogula gawo m'malo opangira magetsi, ndipo ngati sanatero, akuuzeni chifukwa chake.